Kalata kwa mnzanga wa ku Joni, pa nkhani ya Parreira

Achimwene,

Kalata yako yandipeza, mlamu wako anabwera nayo Loweruka atangotsika basi. Shuga ndi sopo zafika bwino, mayi akuthokoza kwambiri. Koma wezulo ija unandilonjeza mulibe m'chikwamamo. Ndakhuthula zonse mpaka pansi, ndapeza zipepala zokhazokha. Anyamata ndikuwaimbirabe mluzu wa pakamwa, ndipo kukakhala mphepo amene ali kugolo la kumtunda samva n'komwe.

Tsono ndilowe pa mawu ako omaliza aja, akuti Carlos Alberto Parreira, kochi wa ku Brazil uja anaphunzitsa timu ya dziko la South Africa, anabwera ku Joni kudzangodya ndalama, munthu woti sanaseweleko mpira wa ligi yaikulu. Iwe unalemba moseka, koma ine andilasa, chifukwa ndi mawu omwewo amene makolo akundinenera kuno. Timu ya sukulu ikangogonja, mkulu wa pachigayo uja amayamba, ati mphunzitsi wa m'kalasi angadziwe chiyani za mpira. Ndiye nawenso ukuimba nyimbo yomweyo uli kutaliko?

N'zoona, mkuluyu sanakhalepo wosewera wotchuka. Anaphunzira za masewera olimbitsa thupi kwawo ku Rio de Janeiro, komwe anabadwira mu 1943. Ntchito yaikulu yoyamba anaipezera kuno ku Africa, ku Ghana, mu 1967, ali mnyamata wa zaka 24. Pofika 1970 anali m'gulu la olimbitsa thupi osewera a Brazil omwe anatenga chikho cha dziko lonse ku Mexico, timu ya Pelé ija. Taganiza, kumuthamangitsa Pelé pabwalo, iwe usanachinyepo chigoli chimene anthu akuchikumbukira. Kulimba mtima kumeneko ine ndimakusirira.

Ku Kuwait anatenga chikho cha Asia mu 1980, n'kuitengera timuyo ku mpikisano wa dziko lonse ku Spain mu 1982. Kumeneko ndi komwe kunachitikira nkhani ya wezulo imene agogo ako ankaikonda. Akusewera ndi France, wina anaimba wezulo m'gulu la oonerera, osewera a Kuwait anaima poyesa ndi woimbira, Giresse wa France n'kuchinya. Mkulu wa bungwe la mpira la Kuwait, yemwe anali wa banja lachifumu, anatsika pamalo pake n'kulowa m'bwalo, ndipo woimbira anachikana chigolicho. France inapambanabe 4-1. Ukuona tsono kuti wezulo si kanthu kochepa? Ine ndikakumbutsa za yanga ija usamaone ngati ndikuvuta. Sabata yatha anyamata awiri anagundana mitu chifukwa sanamve kuti ndaimitsa masewero, wina mpaka anatupa pachipumi, mayi ake anabwera kusukulu ali lunda. Ndinagona mochedwa tsiku limenelo.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa moyo wa Parreira ndi 1994. Iye ali kochi wake, Brazil inali itatha zaka 24 osalawa chikho cha dziko lonse. Mu 1993 anagonja ndi Bolivia ku La Paz, koyamba m'mbiri yawo kugonja pa masewero odzigulira malo, ndipo kwawo anamunyoza kwambiri. Anaitana Romário pa masewero otsiriza ndi Uruguay ku Maracanã, mnyamatayo anachinya ziwiri, ulendo wa ku America unatheka. Kumeneko anamanga timu yolimba pakati, Dunga ndi Mauro Silva akutchinga, Romário ndi Bebeto kutsogolo. Fainolo ndi Italy inatha opanda chigoli, anakapambana pa mapenate Baggio ataponya mpira m'mwamba. Chikho chinabwera. Koma ambiri kwawo anati mpira wake ndi wosasangalatsa, si mpira wa ku Brazil. Munthu wakubweretserani chimene munachisowa zaka zonsezo, inu mukudandaula za kavinidwe!

Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kunjako sikunamuchitirenso chifundo nthawi zonse. Ku Turkey anatenga ligi ndi Fenerbahçe mu 1996. Saudi Arabia, imene anaipatsa chikho cha Asia mu 1988, inamuchotsa ntchito mu 1998 mpikisano wa ku France uli mkati, atagonja ndi Denmark 1-0 komanso ndi France 4-0. Masewero achitatu a m'gulu sanawaone ali pabenchi. Nkhani imeneyi ikandibwerera ndimaganiza za iwe. Walemba mzere umodzi wokha kuti abwana ako achepetsa masiku a ntchito, kenaka wadumphira ku mpira. Kodi mapepala ako ali bwino? Lendi ukulipira bwanji? Kwa eni, munthu amakukonda pomwe zikuyenda, zikangopotoka pang'ono ndiwe woyamba kuuzidwa kuti ulongedze. Ngati anachita zimenezo kwa munthu wonyamula chikho cha dziko lonse, nanga iwe? Undiuze zoona m'kalata yotsatira, usandibisire ngati muja unachitira chaka chatha.

Za Bafana, timu ya South Africa, ndikukutsutsa poyera. Parreira anachoka mu 2008 chifukwa mkazi wake ankadwala, Joel Santana n'kulowa m'malo mwake, ndipo zitavuta anamuitananso kumapeto kwa 2009. Nthawi inali itatha kale. Komabe pa 11 June 2010, potsegulira mpikisano wa dziko lonse, Tshabalala wa Bafana anachinya chigoli chija ku Soccer City, ndipo iweyo unandiimbira foni mawu atasasa, mavuvuzela ali pwepwe kumbuyo kwako, sindinamve ngakhale liwu limodzi. Analepherana ndi Mexico 1-1, Uruguay inawaswa 3-0, koma France anaigonjetsa 2-1. Inde, anakhala oyamba mwa eni mpikisano kutuluka m'ndime ya m'magulu, zimenezo sindikukana. Koma anatuluka ndi mapointi anayi, ofanana ndi a Mexico, kusiyana kunali zigoli zokha. Kwa Parreira uwu unali mpikisano wa dziko lonse wachisanu ndi chimodzi ngati kochi wamkulu, ndi matimu a mayiko asanu, kuphatikizapo United Arab Emirates mu 1990. Munthu wongodya ndalama samuitana chonchi.

Magetsi azimanso, ndikulemba ndi tochi ya pafoni. Mpira wathu wabwino uja unaphulika pa minga ya kuseri kwa golo, tatsala ndi umodzi wosokedwasokedwa, umene ukagunda pansi umapita kumene wafuna. Goloboyi wanga wasiya kubwera, bambo ake akuti azikathirira kudimba. Ndinapita kukawapempha, anandilandira bwino, koma yankho linali lomwelo. Mwana ameneyu ali ndi manja, achimwene, ndipo zikundipweteka kumutaya chonchi. Denga la kukhitchini nalonso layamba kudontha mvula isanalimbe n'komwe.

Ndinafuna ndikuuzenso za 2014, pomwe Parreira anavomera kuthandiza Scolari, kochi wa Brazil nthawi imeneyo, n'kukhala pambali pake Germany ikuithira Brazil zigoli 7 ku Belo Horizonte. Ndili ndi maganizo anga pa chimene chinamubwezera kumeneko munthu woti dzina anali atapanga kale, koma pepala latha ndipo mlamu wako akunyamuka m'bandakucha. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Ukakumana ndi msuweni wanga ku tchalitchi umuuze kuti nkhani ya munda ija amalume akuti