Damu la Chiwembe si dzala lanu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulepo za damu la Chiwembe kuno ku Limbe chifukwa zandikwana ndithu. Loweruka lapitali tipa yodzadza ndi zigumuka za nyumba, njerwa zosweka, majumbo mpaka mapampasi omwe, inabwerera chambuyo kulowa m'bango n'kukhuthula zonsezo m'madzi, masanasana, anthu tikuona. Titawafunsa adilaiva kuti bambo mukutani apa, ati "kodi si dambo chabe ili, malo a udzudzu, tikukuthandizani kukwirira." Kutithandiza eti! Zikomo kwambiri bambo, komanso mukatithokozere abwana amene anakutumaniwo, anthu achifundo chotere ndi osowa masiku ano, mwina tiwakonzere ndi mendulo yomwe.

Tisanamizane, tonse tikudziwa kumene nkhaniyi ikupita. Lero tipa imodzi, mawa ziwiri, mwezi wamawa wina wakhomapo zikhomo akuti ndi puloti yake anagula, kwa ndani kaya, ndiye mudzangoona maziko akukumbidwa pamalo pomwe chaka chatha pamasambira abakha akutchire.

Chondipweteka kwambiri n'choti anthu amaona bango ndi matope n'kumati ndi malo ongowonongeka. Ayi ndithu. Dambo lotsekedwa ndi khoma ngati limeneli limagwira ntchito ngati siponji, mvula ikagwa yamkuntho madzi amayamba aima kaye m'menemo, liwiro lake lithe, matope ndi nyansi zochokera m'tauni zikhazikike pansi m'mizu ya bango, kenako madziwo amatuluka pang'onopang'ono kupita kumunsi, ndipo nthawi ya chilimwe amayi olima masamba m'mbalimu amathirira madzi omwewo. Mukakwirira ndi njerwa madziwo sasowa, amangosamuka, ndipo kosamukira kwake ndi m'nyumba za anthu a kumunsi amene alibe ndi tipa yomwe. Kodi Namondwe Freddy wa mu March 2023 tamuiwala kale? Ku Chilobwe ndi ku Manja anthu anakokoloka ndi matope otsika m'phiri la Soche, dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, tinalira tonse n'kumalumbira kuti sitidzamanganso m'njira za madzi. Sipanapite nthawi wina akukwirira damu.

Nanga za udzudzu zomwe amanenazo, tinsomba ta m'damumo si ndi timene timadya mphutsi za udzudzu? Udzudzu umaswananso m'zitini ndi m'matayala akutha omwe mwatibweretserawo bambo. Ndipo pitani m'mawa kwambiri mukaone nokha akakowa atandanda m'mphepete, nantchengwa akusaka achule, timbalame tomanga zisa zolendewera m'bango. Ana a m'tauni muno ambiri mbalame zimenezi amangozionera m'mabuku a sukulu, pomwe zili pafupi pompa osalipira ndi tambala yemwe. Damuli likuvutika kale ndi namasupuni, udzu woyandama uja womwe umasokonezanso magetsi mu Shire, ndiye muwonjezerenso mapampasi?

Malamulo alipo, musati ndikungolalata. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limaletsa kuipitsa malo chonchi. Lamulo la madzi la 2013 nalonso likunena zomwezo pa zotaya nyansi m'madzi. Dziko lathu linasaina pangano la Ramsar loteteza madambo, n'chifukwa chake nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse mu 1996, dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire n'kulowamo mu 2017. Chaka chilichonse pa 2 February pamakhala tsiku lokumbukira madambo, anthu amavala matisheti atsopano, zolankhula zautali, mafanta, alawansi, zithunzi pa Facebook, koma tidambo ting'onoting'ono ta m'matauni timene tili pakhomo pathu penipeni tikutha tsiku ndi tsiku popanda wotiyankhulira. Kapena dambo limayamba kuwerengedwa likakhala ndi njovu ndi mvuu basi?

Ndipo si Chiwembe yokha ayi. Taonani damu la Chimwankhunda momwe lakwiririkira. Taonani phiri la Ndirande momwe tinalimetera mpala, dothi lake lonse n'kumatsikira ku damu la Mudi komwe timamwako madzi, kenako ndife tomwe timadandaula mipopi ikauma. Majumbo opyapyala aja anawaletsa mu 2015, khothi lalikulu la apilo linagamulanso mu 2019 kuti chiletsocho n'choyenera, koma pitani mumsika wa Limbe mukagule tomato wa pamulu muone chomwe akupatsireni. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, koma tikuthirabe matewera a ana m'madzi omwe ena kumunsi akuchapira ndi kutsukira mbale. Ife Amalawi kaya tinalakwira ndani.

Pempho langa kwa akhonsolo ya mzinda, a MEPA, makhansala ndi mafumu a m'derali ndi lachidule. Tsekani kanjira kolowera magalimoto kudamuko ndi zitsulo kapena miyala ikuluikulu, imikani chikwangwani cholembapo chindapusa ndi nambala ya foni yoimbirapo, ndipo ikani malire ooneka kuti aliyense adziwe pomwe damu layambira. Mwini tipayo si wovuta kumupeza, anyamata a kabaza anaijambula pa foni nambala puleti ikuoneka bwinobwino. Abwere ndi mafosholo ndi tipa yake yomweyo adzawole zinyalala zakezo mvula isanayambe.

Wokhudzidwa,
Limbe