Pa Tsiku la Anakubala tijambulenso mawu awo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za Tsiku la Anakubala limene timakondwerera pa 15 Okotobala. Likamayandikira, nsalu zimatha m'misika, makeke amaodedwa, ndipo pa Facebook pamadzaza zithunzi za amayi atatchena chilundu chatsopano. Zonsezi zisaleke. Koma pali ulemu wina umene mabanja ambiri sauganizira, wosalira ndalama zambiri: kukhala pansi ndi mayi, agogo kapena azakhali n'kujambula mawu awo akusimba za moyo wawo.

Mbiri ya amayi imatayika msanga kuposa ya abambo. Bambo adasiya dzina pa chiphaso cha msonkho ndi pa kalata za ntchito ku Joni kapena ku Halale. Mayi amene adatsala pamudzi zaka zonse za Wenela, akulima, kulera ana ndi kuika maliro, sadalembedwe paliponse. Ngakhale dzina lake lenileni limazimirira, poti akangobereka amasanduka "amake a uje". Funsani wachinyamata dzina la agogo a mayi ake, muone mmene akandire kumutu.

Ndi amayi otchuka omwe zidawagwera. Rose Chibambo adasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, adamangidwa mu 1959 patangopita masiku ochepa atabereka, n'kukakhala m'ndende ku Zomba ndi khanda lake. Chisokonezo cha nduna cha 1964 chitachitika adathawira ku Zambia, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 dzina lake silinkatchulidwa. Nkhope yake idaikidwa pa K200 mu 2012, koma zambiri zimene tikudziwa m'mawu akeake zidapulumuka chifukwa Timwa Lipenga, wolemba buku la moyo wake, adakhala naye pansi n'kumufunsa mayiyu asadamwalire mu 2016. Ngati mayi wa pandalama adafunika munthu womufunsa, nanga bwanji agogo a kumudzi?

Ntchitoyi ili ndi kachitidwe kake. Wofunsa akhale mdzukulu ngati alipo, chifukwa agogo ndi mdzukulu amaseleulana ndipo nkhani zimatuluka zokha. Mkamwini kapena mtengwa asayese, ulemu wa chipongozi umatseka pakamwa. Pemphani chilolezo tsiku lisadafike, muwauze kuti mawuwo adzamva ndani. Pojambula pasakhale gulu. Mwamuna wawo akakhalapo amayamba kuyankha m'malo mwawo, ndipo mudzabwerako ndi mbiri ya bambo yachiwiri.

Foni wamba ndi yokwanira. Itchajeni mokwana, ikani pa airplane mode kuti wina akaimba asadule nkhani, ndipo mugwiritse ntchito chojambulira mawu cha m'fonimo, osati voice note ya WhatsApp imene imasowa foni ikabedwa kapena ikasinthidwa. Mawu okha amadya malo pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho ola lathunthu ndi 60 MB basi, pamene kanema wa ola limodzi angadzaze foni yonse, komanso okalamba ambiri amauma thupi kamera ikawaloza. Ikani foniyo pa nsalu yopinda, masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pakamwa pawo. Mukaiika pa tebulo lopanda kanthu, kapu iliyonse yogunda imamveka kuposa mawu. Okotobala ndi mwezi wa dzuwa ndi mphepo, ndiye khalani m'nyumba kapena kuseri kwa khoma, kutali ndi chigayo, wailesi ndi nkhuku, m'mawa ntchito zikatha kapena dzuwa litapepa. Mukachedwa mpaka mvula itayamba, denga la malata lidzameza zonse. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere, kenako muyambe zenizeni. Musapitirire mphindi 45 pa ulendo umodzi. Kuli bwino kubwerako katatu kusiyana ndi kuwatopetsa tsiku limodzi.

Poyamba tchulani nokha tsiku, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kenako afunseni dzina limene adapatsidwa atabadwa, la kuchinamwali kapena la ubatizo ngati lidasintha, mfunda wawo, dzina la mayi awo ndi la agogo awo aakazi, ndi kumene mtundu wawo udachokera. Zimenezi zokha, ngakhale foni itathima pomwepo, mwapulumutsa mibadwo itatu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa mafunso. Mukafunsa kuti, "Moyo unali wovuta kale?" yankho ndi "Eee, unali wovuta," nkhani yathera pomwepo. Funsani chinthu chogwirika: "Agogo, tsiku limene munkapita ku ukwati mudanyamula chiyani?" "Ndalama yoyamba kugwira yanuyanu mudaipeza bwanji, nanga mudagula chiyani?" "Mwana akadwala usiku munkapita kwa yani?" Akakhala chete musathamangire funso lina. Werengani chamumtima mpaka khumi, chifukwa nkhani yolemera imabwera pambuyo pa chete ameneyo. Akalira, imitsani foni, ndipo muyatsenso pokhapokha atavomera.

Musawavutitse ndi zaka. Okalamba ambiri sasunga chaka, amasunga zochitika. Afunseni ngati zidachitika njala ya 1949 isadafike kapena itapita, nthawi ya chipwirikiti cha 1959, ufulu wa 1964, pamene mapaundi ndi masheleni adasinthidwa kukhala kwacha ndi tambala mu 1971, riferendamu ya 1993, sukulu yaulere ya 1994 kapena njala ya 2002. Mayi akati "ndinali ndi mimba ya wachitatu pamene ndalama zinkasintha", chaka mwachipeza. Khadi la ubatizo, la sikelo ya ana, ndi mabuku a Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano amathandiza kutsimikiza. Makhadi ndi zithunzi zakale muzijambule pamthunzi popanda flash, ndipo maina muwalembe kuseri ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imadutsa pepala n'kuwononga nkhope.

Nzeru zina sizili pakamwa, zili m'manja. Mukafunsa kaphikidwe ka thobwa adzangoti "umathira chimera pang'ono". Apempheni aphike inu mukuona. Asadathire ufa kapena chimera mumphika, chimene atapa m'manjacho chiyambe chalowa m'kapu ya 250 ml, inu mulembe. Muone nthawi imene akuthira chimera: phala limayamba lazizirako mpaka chala kupirira. Likakhala lotentha kwambiri chimera chimafa ndipo thobwa silitsekemera. Likazizira kwambiri limangosasa. Lembaninso ngati ndi chimera cha mawere, mapira kapena chimanga, ndi nthawi imene amawiritsanso. Chimodzimodzi mfutso: masamba ati, kufutsa mphindi zingati, kuyanika masiku angati, ndi mmene amakulungira chikwatu ndi masamba a msuku kuti anankafumbwe ndi chinyezi zisalowe.

Kumadera a chikamwini, kumene munda umatsata mbumba, yendani nawo m'malire foni ikujambula, atchule mtengo, chulu ndi khwawa lililonse ndi amene adawapatsa malowo. Mawu amenewo si chikalata cha umwini, koma mkangano ukadzabuka iwo atapita, ankhoswe ndi amfumu adzakhala ndi poyambira.

Zilipo zosayenera kujambula. Za kutsimba ndi za anamkungwi, ndipo akakana musakakamize. Nkhani za matenda, za mitala kapena za mwana wa kunja zikatuluka, afunseni ngati zisungidwe, ndipo zisapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja iwo osadziwa. Mabanja amatha kudana chifukwa cha kachidutswa ka mphindi ziwiri kotumizidwa mwachibwana.

Mukamaliza, fayilo iliyonse ipatseni dzina la mayiyo, mudzi ndi tsiku, isangokhala "Recording 14". Isungeni malo atatu: m'foni, pa memori khadi kapena flash yokhala kunyumba ya m'bale wina, ndi pa intaneti. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, yokwana maola oposa 200 a mawu, koma nambala yachinsinsi aidziwe anthu awiri. Kenako lembani zonse m'kope lachikuto cholimba. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulemba, ndiye gawanani abale. Lembani m'chiyankhulo chimene ayankhula, kaya ndi Chilomwe, Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo musawakonzere mawu kuti amveke a kusukulu. Mukabwereranso muwawerengere, akonze okha pamene mudamva molakwa.

Ndikupempha aphunzitsi a mbiri m'sukulu za sekondale kuti ntchitoyi aipereke kwa ophunzira m'teremu yoyamba, ndiponso a National Archives ku Zomba alengeze mmene banja lofuna lingakasungitsire kope lake kumeneko. Kwa inu Akonzi, tipatseniko theka la tsamba sabata iliyonse ya Okotobala, kuti owerenga azitumiza mbiri za amayi awo m'mawu a eni akewo, ndi dzina lawo lobadwa nalo pamwamba, eni akewo atavomera.

Mphunzitsi wa mbiri,
Zomba