Malonda a mankhwala otsuka magazi si a lero

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya mankhwala a zitsamba a m'mabotolo amene afala mumzinda wathu uno wa Mzuzu, makamaka aja amene eni ake amati amatsuka kapena kuwonjezera magazi. Aliyense amene wadutsapo pa depoti kapena pa msika wa Zigwagwa wamvapo chimkuzamawu chikutchula matenda mondondoza ngati mwana wa sukulu amene akuloweza mayina a maboma: shuga, BP, zilonda za m'mimba, nyamakazi, kusabereka, kuchepa mphamvu m'banja, ndipo onsewo akuti amatha ndi botolo limodzi. Madzulo mawu omwewo timawamvanso pa wayilesi, pamodzi ndi umboni wa mayi wina wosadziwika kwawo amene akuti anali atatsala madzi amodzi. Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikamamva zimenezi ndimakumbukira kuti malonda a mtundu womwewu anavuta ku Britain ndi ku America m'zaka za m'ma 1800, komanso kuti amene anawanenepetsa, kenako n'kudzawafoola, anali anzanu a nyuzipepala.

Mankhwalawa Azungu ankawatchula kuti patent medicines, dzina limene linkapangitsa ogula kuganiza kuti boma lawapima ndi kuwavomereza. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa iwo analibe patent, chikalata cha boma choteteza umwini wa chimene munthu watulukira, chifukwa munthu wofuna kuchitenga ankayenera kuulula zimene wasakaniza, pamene chuma chonse cha malondawo chinagona pa chinsinsi. Chimene eni ake ankateteza chinali dzina, chizindikiro ndi maonekedwe a botolo. Ku Britain boma linkamata sitampa ya msonkho pa bokosi lililonse, ndipo ogula ambiri ankaiona sitampayo ngati umboni wakuti mankhwalawo ndi abwino, chonsecho inkangosonyeza kuti msonkho waperekedwa. Ndimaganiza za sitampa imeneyi nthawi zonse ndikaona wogulitsa zitsamba akuonetsa anthu chiphaso chochitira bizinesi ngati kuti ndi chikalata cha ukadaulo wa zachipatala.

Munthu woyamba amene ndikufuna kumutchula ndi James Morison wa ku Scotland, amene mu 1825 anayamba kugulitsa mapiritsi otchedwa Vegetable Universal Pills. Chiphunzitso chake chinali chachidule ndiponso chokoma m'khutu: matenda onse amachokera m'magazi akuda, choncho mankhwala ake ndi amodzi, kutsuka m'thupi. Mapiritsiwo analidi ochokera ku zomera, monga aloe ndi utomoni wina waukali wotchedwa gamboge, ndipo ntchito yake inali kutsegula m'mimba basi. Wodwala akathamangira kuchimbudzi ankauzidwa kuti zoipa zikutuluka, ndipo akafooka ankauzidwa kuti awonjezere mapiritsi chifukwa zoipazo zidakalimo. Anthu ena anafa, moti m'zaka za m'ma 1830 makhoti a ku England anapeza ena mwa ogulitsa mapiritsiwa olakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera. Morison mwiniwake anamwalira ali wolemera mu 1840. Ndatchula munthu ameneyu chifukwa mawu akuti “zikutuluka” tikuwamvabe mpaka lero kwa anthu amene amwa mankhwala otsuka m'mimba n'kuchezera kutsegula usiku wonse, ndipo amawanena mokondwa.

Ku America mankhwala a magazi amene anatchuka kwambiri anali opangidwa kuchokera ku muzu wa chomera choyanga chotchedwa sarsaparilla. Mumzinda umodzi wokha wa Lowell, m'chigawo cha Massachusetts, munali makampani awiri akuluakulu, ya James Cook Ayer ndi ya C. I. Hood, ndipo onse ankauza anthu kuti nyengo yozizira ikatha magazi amakhala atada, motero banja lonse liyenera kumwa mankhwala owayeretsa. Apa panali kuchenjera kwakukulu, chifukwa wogula sankafunika kudwala. Kutopa, chiphuphu pankhope kapena kusowa chilakolako cha chakudya zinali zokwanira. Kampani ya Ayer inkasindikiza timabuku ta kalendala mamiliyoni ambiri chaka ndi chaka n'kumagawa ulere, ndipo pakati pa nkhani za nyengo ndi mwezi pankakhala maumboni a anthu ochira. Ku England nakonso, mumzinda wa Lincoln, kunali Clarke's Blood Mixture, amene ankalengezedwa ndi mawu a pa Deuteronomo 12:23 onena kuti magazi ndiwo moyo. Kugwiritsa ntchito Malemba pofuna kugulitsa botolo sikunayambe ndi alaliki a m'mabasi athu.

Nanga m'mabotolomo munali chiyani? Bungwe la madokotala la British Medical Association linapima mankhwala ambiri oterewa n'kufalitsa zotsatira zake mu 1909. Linapeza kuti mapiritsi otchuka a Beecham, amene ankalengezedwa kuti bokosi limodzi n'loyenera masheleni 21, anali aloe, jinja ndi sopo, ndipo zinthu zonse za m'bokosi logulidwa sheleni imodzi ndi kobiri limodzi ndi theka mtengo wake sunkafika ngakhale theka la kobiri. Ku America vuto lalikulu linali mowa. Mankhwala a amayi a Lydia Pinkham, amene anayamba kugulitsidwa mu 1875 mumzinda wa Lynn, anali ndi mizu ya zitsamba ndithu, koma pafupifupi magawo 18 pa 100 aliwonse anali mowa, pamene mowa wa m'botolo umene timaudziwa kuno umakhala ndi magawo pafupifupi 5. Ena, monga Hostetter's Bitters, ankafika magawo oposa 40, ukali wosasiyana kwenikweni ndi kachasu. N'zosadabwitsa kuti womwa ankamva thupi kupepuka n'kukagulanso botolo lina, kuphatikizapo amayi opemphera amene sakanalola ngakhale dontho la mowa kulowa m'nyumba mwawo. Choopsa koposa chinali Mrs. Winslow's Soothing Syrup, mankhwala otontholetsa makanda pomera mano, amene anali ndi morphine. Mwana ankatontholadi, ndipo ana ena sanadzukenso.

Sindikunena kuti mabotolo onse anali opanda kanthu. Mapiritsi a Dr. Williams' Pink Pills for Pale People, amene George Fulford wa ku Brockville m'dziko la Canada anagula umwini wake mu 1890 n'kuwafalitsa m'mayiko ambiri, anali ndi mchere wa ayironi, umene umathandizadi munthu amene magazi ake achepa chifukwa chosowa mcherewo. Komatu ankagulitsidwa ngati mankhwala a matenda osawerengeka, kuyambira kufa ziwalo mpaka matenda a mtima. Kachoonadi kakang'ono kotere ndi kamene kamavuta kwambiri, chifukwa munthu mmodzi wochira moona amakhala nyambo yokokera anthu ambirimbiri amene vuto lawo ndi lina.

Izi ndinaziona ndi maso pakhomo pathu. Alamu anga a ku Mchengautuwa anayamba kumva chizungulire, kupuma mobanika akakwera kamtunda, ndipo zikhatho zawo zinayera. Anzawo anawauza kuti ndi kuchepa magazi, ndipo sananame. Kwa miyezi itatu anamwa mabotolo a madzi ofiira ogula mutauni muno, kuwonjezera pa chidede ndi masamba a mapeyala owiritsa, pokhulupirira, monga ambiri a ife timakhulupirira, kuti chofiira chikalowa m'kamwa chimakasanduka magazi. Ndalama zimene zinapita pa mabotolowo zikanagula chimanga cha banja lonse. Titawatengera kuchipatala atalefukiratu, anawayeza n'kupeza kuti anali ndi njoka za m'mimba zimene zimayamwa magazi, ndipo anachita kuwathira magazi asanawapatse mankhwala opha njokazo ndi mapiritsi a ayironi. Kuchepa magazi ndi chizindikiro chabe, ndipo kwathu kuno gwero lake kawirikawiri limakhala malungo, njoka za m'mimba, likodzo, zakudya zosakwanira, uchembere wapafupipafupi kapena kutaya magazi ambiri kumwezi. Botolo silingadziwe kuti mwa zonsezi chakugwira n'chiti. Kunena za kutsuka magazi, ntchito imeneyo amagwira ndi impso ndi chiwindi usana ndi usiku, ndipo ziwalo zomwezi ndi zimene zimayamba kuvulala munthu akamamwa zinthu zosadziwika mlingo wake.

Asing'anga athu asaone ngati ndikunyoza zitsamba, chifukwa mbiri ya chigawo chino cha kumpoto ingandiyalutse. Kwinini, amene anachirikiza amishoni a Livingstonia ku Bandawe kuyambira 1881 asanakwere ku Khondowe mu 1894, amachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anamupatula m'khungwamo mu 1820. David Livingstone anali ndi mapiritsi akeake a malungo, osakaniza kwinini, jalap, rhubarb ndi calomel, amene pambuyo pake kampani ya Burroughs Wellcome inkagulitsa ndi dzina lakuti Livingstone's Rousers. Ngakhale LA amene timalandira kuchipatala lero gwero la mbali yake imodzi ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewa akudziwika chimene chilimo, mlingo wake, matenda amene amachiza ndi amene sachiza. Agogo athu nawonso pokumba muzu ankatchula dzina la mtengo ndi nthenda yake, ndipo sankalonjeza kuti muzu umodzi uthetsa matenda makumi awiri. Lonjezo lotere likabwera, anthu osowa mtengo wogwira amakhamukirako, monga tinaonera mu 1995 pamene chinamtindi cha anthu chinapita ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe poyembekezera kuchira Edzi.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi kwa inu osati kwa a zaumoyo. Malonda a m'zaka za m'ma 1800 aja sakanakula popanda nyuzipepala, ndipo nyuzipepala zambiri, makamaka zing'onozing'ono za m'matauni, zinkadalira ndalama za otsatsa mankhwalawa kuti zisindikizidwe. Eni mankhwala ankadziwa mphamvu yawo, moti ku America anayamba kuika m'mapangano awo ndime yonena kuti pangano lotsatsa malonda lidzatha ngati boma la chigawocho likhazikitsa lamulo lowapanikiza. Zotsatira zake zinali zakuti lamulo lotere likangotchulidwa m'nyumba ya malamulo, akonzi eni ake ndi amene ankayamba kulitsutsa poteteza mphika wawo. Wakudyetsa n'kovuta kumuloza chala, ndipo ndikudziwa kuti nanunso mumalipira antchito ndi ndalama za otsatsa malonda.

Komabe ena analimba mtima. Magazini ya Ladies' Home Journal, motsogozedwa ndi mkonzi wake Edward Bok, inasiya kulandira malonda a mankhwalawa mu 1892. Kampani ya Pinkham inkalimbikitsa amayi kulembera makalata “Mrs. Pinkham” kuti awalangize pa matenda awo achinsinsi, ndipo mayankho ankabweradi, koma mu 1905 magaziniyo inasindikiza chithunzi cha chiliza cha manda a Lydia Pinkham chosonyeza kuti anamwalira mu 1883. Kampaniyo inadziteteza ponena kuti amene ankayankha anali mpongozi wake, koma anthu anali ataona kale. Chaka chomwecho mtolankhani Samuel Hopkins Adams analemba nkhani zotsatizana m'magazini ya Collier's, atapereka mankhwala osiyanasiyana kwa akatswiri kuti awapime komanso atafufuza anthu amene ankatchulidwa m'maumboni. Pa 30 June 1906 Pulezidenti Theodore Roosevelt anasainira lamulo la Pure Food and Drug Act. Lamuloli silinaletse zitsamba ndipo silinatseke makampani. Linangolamula kuti ngati m'botolo muli mowa, morphine, opium, cocaine ndi zina zoopsa, zilembedwe pa botolopo, ndiponso kuti zolembedwazo zisakhale zabodza. Mu 1912 analiwonjezera kuti liletsenso malonjezo achinyengo a machiritso. Makampani ena anasintha kasakanizidwe kawo ndipo ena anafota, chifukwa mayi amene wawerenga yekha mawu akuti morphine pa botolo sachedwa kulibweza pa shelefu.

Kuno kwathu tili ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority loona za mankhwala, la Malawi Bureau of Standards loona za ubwino wa katundu, komanso la MACRA loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, choncho sitikuyambira pa chabe monga anayambira anzathu aja. Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi kwa anzanu a mawayilesi a mumzinda uno, n'lakuti musanalandire ndalama ya wotsatsa mankhwala a magazi muzimufunsa kuti alembe mayina a zomera zonse zimene zili m'botolo lake ndi mlingo wake, aonetse chikalata cha bungwe loona za mankhwala osati cha bizinesi chokha, ndiponso akupatseni njira yoti mtolankhani wanu akakumane maso ndi maso ndi mayi wochira uja. Ndikupemphanso kuti tsiku lina mutume mtolankhani akagule mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi pa depoti, pa Zigwagwa ndi ku Luwinga, muwapereke kwa akatswiri a pa Mzuzu University kapena a bungwe loona za ubwino wa katundu kuti akawapime, ndipo zimene apezemo, zikhale zabwino kapena zoipa, muzisindikize m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa tsamba lomwe lija mumaikapo malonda awo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Chiputula, Mzuzu