Kutchulidwa kambirimbiri si umboni wa kafukufuku wothandiza

A Mkonzi,

Ndakhumudwa ndi nkhani imene munasindikiza sabata yatha, momwe munandandalika "akatswiri ofufuza opambana" potengera h-index yawo, nambala yoyezera kutchulidwa kwa mapepala a kafukufuku amene munthu wasindikiza, ngati kuti nambalayo inatsika m'phiri pamodzi ndi magome a Mose. Mtolankhani wanu sanafunse n'komwe kuti nambalayo imawerenga chiyani. Jorge Hirsch ataiyambitsa mu 2005, inkawerenga kuchuluka kwa mapepala a munthu ndi nthawi zimene atchulidwa m'mapepala a anzake, ndipo mpaka lero imawerenga zomwezo. Siinena ngati anzakewo ankamuyamikira, ankamutsutsa, kapena ankangomunyengerera chifukwa ndi mkonzi wa magazini imene akufuna kuti iwalandire.

Ngati kutchulidwa ndiye kupambana, tiyeni timuwombere m'manja Andrew Wakefield, amene pepala lake la mu 1998 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet linaopseza makolo za katemera wa ana wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri. Magaziniyo inalichotsa mu 2010, koma latchulidwa koposa kachikwi, ndipo kompyuta yowerengayo siisiyanitsa wolitchula pokhulupirira ndi wolitchula polidzudzula. Timuwomberenso m'manja Ike Antkare, katswiri amene sanabadwe n'komwe. Cyril Labbé wa ku France anamupeka mu 2010, namupatsa mapepala opanda mutu olembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, otchulana okhaokha, ndipo pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, h-index yake inafika 94, kuposa ya Albert Einstein. Antkare ameneyu mwina akanakhala woyamba pamndandanda wanu, chithunzi chokha n'chimene chikanakuvutani kupeza.

Ngakhale pamene palibe chinyengo, nambalazi zimakondera. Magazini ya Nature itawerengetsa mu 2014 mapepala 100 otchulidwa kwambiri, loyamba linali la Oliver Lowry la mu 1951 lofotokoza njira yoyezera mapuloteni, lotchulidwa nthawi zoposa 300,000, pomwe la Watson ndi Crick la mu 1953 lonena za kapangidwe ka DNA silinalowemo. Impact factor nayo, nambala yoonetsa mmene mapepala a m'magazini amatchulidwira, imene Eugene Garfield anaikonza pofuna kusankha magazini osati kuweruza anthu, imangoyang'ana zaka ziwiri, chikhalirecho ntchito ya Gregor Mendel ya mu 1866 yonena za mmene zamoyo zimatengera kwa makolo inadikira mpaka 1900 kuti anthu aizindikire.

Zimenezi si maganizo anga ndekha. Chikalata cha DORA cha ku San Francisco cha mu 2012 ndi Leiden Manifesto ya mu 2015 zinachenjeza kale kuti nambala zisalowe m'malo mwa kuwerenga ntchito yeniyeni. Komabe makomiti ambiri okweza aphunzitsi pa ntchito m'mayunivesite akupitirizabe kugwada kwa nambalazi, n'chifukwa chake ofufuza achinyamata amaduladula kafukufuku mmodzi kuti atuluke mapepala anayi, amalipira ndalama zambiri kuti asindikizidwe, ndipo amapewa mafunso ovuta amene sangabale pepala msanga. Wofufuza amene lipoti lake lasintha mmene madokotala amaperekera mankhwala, kapena amene walemba m'chinenero chimene Scopus, nkhokwe ya pa intaneti yowerengera kutchulidwa kwa mapepala, siichilabadira, amaoneka ngati wakhala akugona.

Ulendo wina, mufunse wofufuza aliyense ntchito zake zitatu zimene amazinyadira, muzipereke kwa akatswiri anzake aziwerenge, kenako mutiuze chimene chinasintha chifukwa cha ntchitozo. Pakadali pano chotsani mndandanda uja pa intaneti, anthu asanayambe kuuphatika m'makalata ofunsira ntchito.

Ine wanu,
Wowerenga wokhumudwa