Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Ntchito: mchimwene wanga si kontrakitala

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi mchimwene wanga ali pakhonde pano, dzanja lamanja lili m'bandeji. Zala zake ziwiri zinadulidwa ndi makina pafakitale ina ku Kanengo, komwe wagwira ntchito zaka 6. Atakafunsa za chipukuta misozi, anamuuza kuti iye si wantchito wawo koma kontrakitala, choncho adzionere yekha.

Kontrakitala wanji, bwana? Kontrakitala amabwera ndi zida zake, amatchula yekha mtengo, akamaliza amakafuna ntchito kwina. Mchimwene wanga amalowa 7 koloko m'mawa, amavala ovolosi ya kampani, amamvera kapitawo, akachedwa amamudula malipiro. Chinyengo chonse chili papepala. Miyezi itatu iliyonse amamusainitsa kontrakiti yatsopano, nthawi zina amayamba amupumitsa sabata imodzi kuti azioneka ngati wabwera dzulo. Zaka zonsezi tchuthi sanachilawe, ndipo kuthumba la penshoni kulibe ngakhale tambala ya dzina lake, pomwe lamulo limati bwana aziikako 10 peresenti, wantchito 5.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti lamulo lilipo kale. Employment Act ya 2000 imati munthu amene moyo wake ukudalira pa bwana mmodzi, n'kumagwira ntchito molamulidwa ndi bwanayo, ndi wantchito basi, kaya pepala likumutchula dzina lanji. Imatinso kontrakiti yanthawi yochepa ikamagwiritsidwa ntchito podzaza malo amene kampani imafuna munthu masiku onse, iyesedwe ntchito yokhazikika. Makina amene anamudulawo amazungulira chaka chonse, a Nduna. Si ganyu yopalira chimanga iyi.

Ena akutiuza kuti tipite ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pantchito. Tipitadi. Koma anzake amene atsala pamakinawo sangayerekeze n'komwe kudandaula, chifukwa amadziwa kuti miyezi itatu ikatha sadzawaitananso.

Boma linatha kuletsa utenanti m'minda ya fodya mu 2021, ndiye izi sizingakukanikeni. Tumizani oyendera malo antchito ku Kanengo ndi ku Makata mosachenjeza eni ake. Asakathere muofesi ya manijala. Akafunse buku lolembamo olowa pageti, aliyerekeze ndi mayina a anthu amene akulipiriridwa penshoni, kenako alankhule ndi antchitowo paokha, kapitawo palibe.

Ine,
Mlongo wake wa wovulalayo, Area 25, Lilongwe