Kalata yochokera ku Sacramento: za mayeso atsopano a sayansi a giredi 8

Sacramento, California

Wokondedwa bwenzi langa,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti inu, alamu ndi ana nonse muli bwino, komanso kuti mukulimbikirabe kuphunzitsa sayansi ku sekondale kuja ngakhale zipangizo zikuperewera. Ifenso kuno tili bwino. Munandifunsa ngati n'zoona zimene munamva zakuti ku America anasiya mayeso oloweza pamtima ndipo ana akuyesedwa sayansi pa kompyuta. Kuno kulibe bungwe limodzi lolembetsa mayeso dziko lonse monga MANEB, chigawo chilichonse chimakonza akeake, choncho ndikufotokozerani za California, kumene ana anga awiri alemba mayeso a sayansi a giredi 8. Mnyamata analemba akale mu 2016, ndipo mlongo wake analemba atsopano mu 2024.

Ana a zaka 11 mpaka 14 kuno amaphunzira pa sukulu ya pakati pa pulayimale ndi sekondale, imene amaitcha middle school, ndipo imathera pa giredi 8. Lamulo la boma lalikulu la ku Washington, kuyambira lija la No Child Left Behind limene linasainidwa mu 2002 kufikira la Every Student Succeeds Act la mu 2015, limafuna kuti chigawo chilichonse chiziyesa ana sayansi katatu: kamodzi pakati pa giredi 3 ndi 5, kamodzi pakati pa giredi 6 ndi 9, ndiponso kamodzi pakati pa giredi 10 ndi 12. California inasankha giredi 5, giredi 8 ndi kamodzi ku sekondale.

Mayeso amene mnyamata wanga analemba, a California Standards Test, mukanawazindikira msanga chifukwa sankasiyana kwenikweni ndi amene ife tinakulira. Anali mafunso 60, lililonse lili ndi mayankho anayi oti usankhepo limodzi, n'kudetsa kabwalo kake ndi pensulo. Anachokera pa silabasi ya mu 1998, imene inkagawa sayansi chaka ndi chaka: giredi 6 za nthaka ndi dziko lapansi, giredi 7 za zamoyo, giredi 8 za mphamvu, kayendedwe ka zinthu, maatomu ndi periodic table. Ndikukumbukira mnyamatayo atakhala pa tebulo la kukhitchini ndi mulu wa timakadi tomanga ndi mphira, mbali ina atalembapo funso, mbali ina yankho, ine ndikumufunsa uku ndikusonkhezera ndiwo. Anakhoza bwino ndithu. Koma patapita miyezi ingapo ndinamufunsa chifukwa chimene sitima yachitsulo imayandama pamene msomali umamira, ndipo ananditchulira mosaphonya fomula ya density, kutanthauza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake, n'kulephera kuigwirizanitsa ndi sitimayo.

Vuto limeneli ndi limene okonza maphunziro ankafuna kuthana nalo. Mu Epulo 2013 panatuluka ndondomeko yatsopano yotchedwa Next Generation Science Standards, imene zigawo 26 zinatsogolera poikonza, ndipo bungwe loyang'anira maphunziro ku California linaivomereza mu Seputembala chaka chomwecho. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mwana asamangodziwa mfundo za sayansi, koma azichita zimene asayansi amachita, monga kufunsa mafunso, kukonza kafukufuku, kuwerenga manambala amene apezeka, kujambula chithunzi chofotokoza mmene chinthu chimachitikira ndi kutsutsana ndi anzake pogwiritsa ntchito umboni. Anawonjezeramonso luso la mainjiniya lopezera njira yothetsera vuto. Pa middle school, bungwelo linalimbikitsa kuti chaka chilichonse mwana aziphunzira za zamoyo, za dziko ndi zakumwamba komanso za mphamvu pamodzi, ngakhale linasiyira maboma a sukulu ufulu wopitiriza kugawa maphunzirowo ngati afuna.

Silabasi ikasintha, mayeso akale amatsala opanda ntchito, ndipo apa panabuka mkangano umene ndikuona kuti California inachita bwino kuimapo nji. Boma la ku Washington linkafuna kuti mayeso akale apitirire pamene atsopano akuyesedwa kaye, n'cholinga chakuti zotsatira zisadukize, ndipo linakana pempho la California loti iwasiye. Akuluakulu a maphunziro kuno anati sizingakhale zanzeru kuuza mphunzitsi kuti aphunzitse zatsopano kenako n'kuyesa ana ake pa zakale, ndipo anapitirira ndi ganizo lawo. Mu 2017 ana analemba mayeso ongoyesera, mu 2018 anayesanso mafunso ambiri, ndipo mu 2019 mayeso a California Science Test, amene aliyense amangowatchula kuti CAST, anayamba mwalamulo. Mu 2020 sanalembedwe chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Kuti muone kusiyana kwake, ndikuuzeni zimene zinachitika ndi mtsikana wanga ali giredi 6. Aphunzitsi anaika botolo la madzi ozizira kwambiri pa tebulo, anadikira mpaka kunja kwake kutanyowa, n'kufunsa kalasi kuti madzi akunjawo achokera kuti. Iye anayankha kuti akudutsa m'pulasitiki kuchokera m'kati. Aphunzitsi sanamuuze kuti walakwa, anangomufunsa kuti angatsimikize bwanji. Madzulo ake anathira utoto wofiira wophikira keke m'madzi a m'botolo, anaikamo ayezi, ndipo botolo litanyowa analipukuta ndi kansalu koyera. Kansaluko kananyowa koma sikanafiire. Anakhala duu kwa kanthawi akuyang'ana kansaluko, kenako anatenga botolo lopanda kanthu n'kuliika mufiriji, ndipo atalitulutsa linachitanso chinyezi. Ndinamufunsa ngati anayamba waona mame pa udzu m'mawa kulibe mvula, ndipo m'pamene anati madziwo ayenera kuti ali mumpweya. Phunziro limene ife tinaliloweza m'chiganizo chimodzi, iye linamutengera masiku atatu, koma kufikira lero amatha kulifotokoza ndi mawu akeake.

Mayeso a CAST amayesa kaganizidwe kotereka. Amalembedwa pa kompyuta, amatenga pafupifupi maola awiri ngakhale mwana sadulidwa nthawi ikakwana, ndipo a giredi 8 amafunsa zonse za kuyambira giredi 6. Muli mafunso oima paokha, ena osankha yankho, ena okoka chithunzi kapena mawu n'kuwaika pamalo pake. Mulinso zigawo zimene mwana amapatsidwa chochitika chimodzi pamodzi ndi matebulo a manambala ndi magirafu, n'kuyankha mafunso angapo otsatizana, ena mwa iwo ofuna kuti ataipe yekha kufotokoza kwake ndi umboni wake. Pamene mtsikana wanga ankalemba mu 2024, zotsatira zinkabwera m'magulu anayi awa: wapitirira muyezo, wafika pa muyezo, watsala pang'ono, ndi sanafike.

Tsono apa m'pamene pali nkhawa yanga, ndipo ndikufuna muimvetse musanayambe kusirira. Zotsatira zoyamba za mu 2019 zinaonetsa kuti mwa ana 100 aliwonse amene analemba, pafupifupi 30 okha ndi amene anafika pa muyezo kapena kupitirira, ndipo pofika mu 2024 chiwerengerocho chinali chisanasunthe kwenikweni. Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, koma ine sindivomereza. Ndondomeko inavomerezedwa mu 2013, chitsogozo cha aphunzitsi chinamalizidwa mu 2016, ndipo mndandanda wa mabuku ovomerezeka unatuluka mu Novembala 2018, kutangotsala miyezi yochepa kuti mayeso enieni alembedwe. Ana amene analemba mu 2019 anayesedwa pa maphunziro a zaka zitatu amene ambiri a iwo anawaphunzira ndi mabuku a silabasi yakale, kwa aphunzitsi amene nawonso anali akuphunzira kumene njira yatsopanoyo. Mphunzitsi amene anazolowera za zamoyo zokha anapezeka akufunika kuphunzitsanso za mafunde a kuwala ndi za nyengo. Mayeso anathamanga kusiya kalasi m'mbuyo, ndipo amene anaoneka olephera ndi ana.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Mtsikana wanga ali giredi 7, aphunzitsi ake a sayansi anachoka chaka chili pakati, ndipo kwa miyezi ingapo kalasi inkasungidwa ndi aphunzitsi ogwirizira amene ankasinthasintha. Anthuwo anali aulemu ndi akhama, koma sakanatha kuyendetsa kafukufuku wa masiku atatu ngati wa botolo uja, choncho ankagawa mapepala oti ana adzaze mawu m'mipata. Zipangizo za mu labotale zinakhala zotsekeredwa m'kabati teremu yonse. Chaka chotsatira mayeso anafunsa za giredi 7 ngati kuti palibe chinachitika, ndipo zimenezi zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti mwana wa sukulu ya kudera la anthu opeza bwino sanataye miyezi imeneyo.

Palinso nkhani ya chinenero, imene inuyo mukuidziwa bwino chifukwa mumaphunzitsa m'Chingelezi ana amene amaganiza m'Chichewa. Pa mayeso akale, mwana wosadziwa bwino Chingelezi ankatha kuzindikira yankho loona pakati pa anayi. Pa atsopanowa ayenera kuwerenga ndime yaitali, kumvetsa girafu, kenako n'kulemba ziganizo zomveka pa kiyibodi. Boma linayesetsa kuika thandizo, monga kumasulira m'Chisipanishi ndi matanthauzo a mawu m'zinenero zina zingapo, koma Chichewa mulibe, ndipo mwana wongofika kumene kuchokera kwathu angamvetse bwinobwino chifukwa chimene mame amagwera n'kulephera kuchitaipa. Pamenepo mayeso amakhala ayesa Chingelezi ndi zala, osati sayansi.

Chinthu china chimene chingakudabwitseni n'chakuti mayesowa sapititsa mwana patsogolo kapena kumubwezera m'mbuyo. Kwathu mwana wa sitandade 8 amadziwa kuti mayeso a PSLCE ndi amene adzanene ngati asankhidwe kupita ku sekondale, n'chifukwa chake banja lonse limasowa tulo. Kuno CAST cholinga chake n'kuona mmene sukulu ikuphunzitsira, ndipo kholo lili ndi ufulu wolemba kalata yoti mwana wake asalembe. Ubwino wake ndi wakuti mwana wa zaka 13 sasenza mtolo woposa msinkhu wake. Kuipa kwake n'kwakuti ena amangodina mayankho mwachisawawa kuti amalize msanga, ndipo mtsikana wanga anandiuza kuti anzake ena anatseka kompyuta ola lisanathe. Choncho ngakhale chiwerengero cha 30 chija sindichitenga ngati chithunzi chonse cha zimene ana akudziwa.

Mukandifunsa ngati ndikanakonda kubwerera ku mayeso akale, ndikana. Ndaona ana anga awiri, ndipo wa botolo uja amafunsa mafunso amene mchimwene wake sankawafunsa pa msinkhu womwewo. Chimene ndimalimbikira pa misonkhano ya makolo n'chakuti ndalama ndi nthawi zimene zinapita pa kukonza mayeso zipitenso pa kusula aphunzitsi, kuwasunga kuti asamachoke, ndi kutsegula makabati a mu labotale.

Mafunso oyeserera a CAST ali pa intaneti ndipo aliyense angawatsegule popanda kulipira. Podziwa kuti netiweki imavuta kwanuko, ndasindikiza ena a giredi 8 ndipo ndawaika mu envelopu yomweyi. Ndikupemphani kuti muyese phunziro la botolo lija ndi ana anu a fomu 1, popeza silifuna china koma botolo, madzi ozizira, utoto pang'ono ndi kansalu koyera, ndipo mudzandilembere mayankho amene adzapereke poyamba, musanawauze chilichonse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa mayi.

Ndine bwenzi lanu la nthawi zonse.