Khadi labwino ndi lomwe kumsana kwake sikuulula kanthu

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga amene amasewera masewera a makadi otchedwa poker kunyumba. Ife tilipo amuna asanu ndi mmodzi, ambirife opuma pantchito, ndipo kwa zaka 14 takhala tikukumana pa tebulo la kwanga Lachisanu lililonse madzulo. Timasewera ndi tindalama ta pulasitiki, woluza amangosekedwa mpaka sabata yamawa. Komabe ubwenzi wa zaka zonsezi unatsala pang'ono kutha chifukwa cha khadi limodzi.

Linali la mfumukazi ya mtima. Kangodya kake kamodzi kanapindika pang'ono, mwina wina analikanikiza ndi chikhadabo posuzumira. Tonse sitinaone kupatula mmodzi, bambo wofatsa amene salankhula kawirikawiri. Kwa masabata atatu iwo ankadziwa kumene mfumukaziyo yagwera: kaya ili m'manja mwa mnzawo, kaya ili pamwamba pa mulu kudikira kutembenuzidwa. Zitadziwika, m'nyumba munatentha. Wina anaimirira n'kuyamba kufunafuna chipewa chake. Bambowo anangoti: "Ine sindinalipinde khadilo, achimwene. Ndinangopenya ndi maso anga. Kodi mumafuna ndizitsinzina?"

Ndinakhala nalo funso limenelo masiku angapo, chifukwa yankho lake si lapafupi. Mu 2012 katswiri wa poker wa ku America, Phil Ivey, anapambana mapaundi 7.7 miliyoni pa kasino ya Crockfords ku London, posewera masewera ena a makadi otchedwa punto banco. Iyenso sanakhudze khadi ngakhale limodzi. Iye ndi mnzake wamkazi anaona kuti zojambula za kumsana kwa makadiwo sizinadulidwe mofanana m'mbali zonse ziwiri, ndiye anapempha wogawa kuti aziwazondotsera makadi ena, ati n'zamwayi chabe. Makina osakanizira sankazondotsa makadi, choncho paulendo wotsatira makadi ofunikawo ankazindikirika ndi m'mphepete mwake. Kasinoyo inakana kulipira, nkhani inafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la ku United Kingdom, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti kumeneko kunali kubera. Nkhani ya mnzathuyo ndi yosiyana, poti iwo sanauze aliyense kuti azondotse kanthu. Ine ndinafika poona kuti wolakwa wamkulu ndinali ine mwini nyumba, amene ndinkaika pa tebulo paketi imodzimodziyo ya makadi a pepala kwa miyezi isanu, mpaka m'mphepete mwake munada ngati kolala ya malaya a kumunda.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kusankha makadi ndi maso a munthu wofuna zokongola. Ndikatenga paketi yatsopano ndimayamba ndi kumsana. Ndimafuna msana wokhala ndi mzere woyera kuzungulira m'mphepete monse, ndipo chojambula chake chizioneka chimodzimodzi ukalizondotsa khadilo. Makadi amene chojambula chake chimafika mpaka kumapeto amaoneka bwino, sindikana, koma akadulidwa mokhota pang'ono kufakitale mbali ina imasiyana ndi inzake. A msana wakuda bii ndiye ayi ndithu: kakangokandika pang'ono, kadontho koyera kamawala ngati nyenyezi. A zithunzi za nyama kapena malo okongola, amene ali ndi kumwamba ndi kunsi, apatseni ana azisewerera.

Za pepala ndi pulasitiki, mtima wanga umagawanika. Khadi la pepala labwino limakoma m'manja kuposa lina lililonse. Makadi a Bicycle, amene anayamba kupangidwa mu 1885 ku Cincinnati m'dziko la America, ali ndi timaenje ting'onoting'ono pamwamba pake tosunga mpweya, n'chifukwa chake amatsetsereka mofewa ukamagawa. Amatsenga a makadi amawakonda pa chifukwa chomwecho. Khadi la pepala lapamwamba limakhala mapepala awiri omatidwa ndi guluu wakuda pakati kuti kuwala kusadutse. Mukafuna kuyesa makadi anu, ikani limodzi patsogolo pa tochi: ngati mukuona manambala kuchokera kumsana, amene wakhala moyang'anizana ndi nyale awaonanso. Koma pepala ndi pepala. Limamwa thukuta, limasunga mkwinya, ndipo mu poker munthu aliyense amapinda makadi ake awiri kuti asuzumire, mwina maulendo makumi anayi usiku umodzi. Paketi ya pepala pa tebulo lathu imatha m'masabata awiri.

Choncho ndinasamukira ku pulasitiki yeniyeni. Ndikuti yeniyeni chifukwa mapaketi ambiri olembedwa kuti ndi okutidwa ndi pulasitiki mkati mwake ndi pepala lomwe lija. Pa a pulasitiki yokhayokha pali mitundu iwiri imene ndaigwirapo. A KEM, amene anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndi a cellulose acetate, ofewa ndiponso opepuka. A Copag, kampani imene inayamba ku São Paulo m'dziko la Brazil mu 1908, ndi a PVC, oterera kwambiri akakhala atsopano. Palinso a Modiano a ku Trieste m'dziko la Italy, olimbirapo komanso okhakhala pang'ono, ndi a Fournier a ku Vitoria m'dziko la Spain. Pakati pathu sitigwirizana: amene ali ndi zala zouma amafuna okhakhala, ine ndimakonda ofewa chifukwa nyamakazi yayamba kundivutitsa posakaniza. Chimene tonse timavomereza n'chakuti ukalipinda khadi la pulasitiki limabwerera mwakale, ndipo likada umangolipukuta ndi kansalu konyowa m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, n'kuliumitsa lokhalokha. Madzi otentha ndi dzuwa ndiwo adani ake. Musawasiye pawindo kapena m'galimoto masana, adzakhota ndipo sadzawongokanso.

Pali chinthu china chimene chinandiseketsa nditachidziwa. Makadi amabwera m'misinkhu iwiri. Otchedwa a poker ndi aakulu mamilimita 63.5 m'lifupi, otchedwa a bridge ndi mamilimita 57, koma kutalika n'kofanana, pafupifupi mamilimita 89. Munthu angaganize kuti wosewera poker agule a poker basi. Komatu m'zipinda zambiri za poker za m'makasino amagwiritsa ntchito a bridge, chifukwa wogawa amene akusakaniza tsiku lonse manja ake satopa msanga ndi makadi ochepa m'lifupiwo. Kunyumba, kumene aliyense amagawa pa nthawi yake ndipo ena manja awo ndi aang'ono, mamilimita asanu ndi limodziwo amathandiza zedi. Mukasewera mtundu wa poker wotchedwa Omaha, mmene munthu amagwira makadi anayi m'malo mwa awiri, mudzawayamikanso.

Kukula kwa manambala ndi nkhani ya msinkhu wa osewera. Mu mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em makadi asanu amaikidwa pakati pa tebulo, ndipo amene wakhala kumapeto ayenera kuwawerenga osadzuka. Ife a magalasi tinasankha a manambala aakulu, otchedwa jumbo. Kuipa kwake n'kwakuti posuzumira makadi ako umayenera kuwakweza kwambiri, ndiye woyandikana nawe amadya nawo ndi maso. Tinaphunzira kuphimba ndi dzanja linalo.

Tinayesaponso makadi a mitundu inayi, amene sipedi ndi yakuda, mtima wofiira, dayamondi yabuluu ndipo kalabu yobiriwira. Nzeru yake ndi yabwino, poti dayamondi ndi mtima zimasokoneza nyale ikachepa mphamvu, ndipo ndinaonapo munthu akuika tindalama take tonse poganiza kuti ali ndi mitima isanu pomwe umodzi unali dayamondi. Anzanga anawakana usiku womwewo, ati akuoneka ngati a ku sukulu ya mkaka. Ndinagonja, ali mu kabati.

Gulani mapaketi awiri a msana wosiyana mtundu, wofiira ndi wabuluu, ndipo makadi a pulasitiki nthawi zambiri amagulitsidwa awiriawiri chonchi. Pamene wina akugawa ofiira, wotsatira akhale akusakaniza abuluu. Masewera amathamanga, ndipo khadi likasochera kupita m'paketi ina limaonekera pomwepo. Posakanizapo, akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa mu 1992 kuti makadi 52 amafunika kuwalowetsana pafupifupi kasanu ndi kawiri kuti asakanizike mokwanira. Ambirife timachita kawiri kapena katatu, kenako n'kumadabwa kuti mafumu akungotsatana. Ine ndimawonjezera kuzondotsa theka la mulu kamodzi pakati pa kusakanizako, kuti ngati pali kusiyana m'mphepete kusathandize munthu. Pansi pa mulu timaika khadi lopanda kanthu la pulasitiki lophimbira lomaliza, chifukwa wogawa wosazolowera amalionetsa kwa aliyense osadziwa. Ngati mulibe, joker amagwira ntchito yomweyo, bola muwamate awiri moyang'anizana.

Tsopano tisanayambe timayala makadi onse chagada n'kuwerenga, 13 pa mtundu uliwonse, kenako timawatembenuza chafufumimba n'kuyang'ana misana pansi pa nyale. Likapezeka limodzi lokandika kapena long'aluka, paketi yonse imachoka pa tebulo, palibe zokambirana. Ntchito yoyendera misanayi tinawapatsa bambo aja a mfumukazi ya mtima, poti maso awo tinawaona kale mphamvu yake. Mwezi wathawu anagwira 7 ya kalabu ili ndi kamng'alu kochepa ngati nsonga ya singano, ife asanu tinaliyang'ana mosinthanasinthana osaona kanthu mpaka anatilozera ndi chala.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito